Kaundula Amene Saiwala

Anzanga, ambiri a inu mudziwa kuti caka cino ndine msungi wa ndalama za kagulu kathu ka ulimi. Maina a olipira sindiwalemba m'buku ai, koma pa kompyuta, m'pulogalamu yochedwa Dolt. Iyo iribe zithunzi zoti munthu adinepo. Umangolemba mau olamula pa windo lakuda, ndipo imamvera. Imasunga zinthu m'matebulo a mizere, koma nzeru yace yokumbukira zakale inatengera kwa Git, imene Linus Torvalds anaipanga m'caka ca 2005.

Nchito yace iri motere. Ndikatha kulemba olipira a tsikulo ndimalemba "dolt add" pamodzi ndi dzina la tebulo, kenaka "dolt commit", ndi kuonjezapo mau ocepa onena cimene ndacita. Pamenepo Dolt imasunga kaundula yense monga momwe aliri nthawi imeneyo, ngati munthu wajambulidwa cithunzi. Mawa ndikasintha, cithunzi ca dzulo sicifafanizika. Pofuna kuona zithunzi zonse ndimalemba "dolt log", ndipo pamaoneka tsiku, wolemba ndi mau aja. Poyamba ndinali waulesi, ndinkangolemba kuti "zosintha". Mau otere sathandiza konse patapita mwezi.

Tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 2 anadza kudzatenga mbeu, koma dzina lace munalibe m'kaundula. Iye analumbira kuti analipira. Anzace anayamba kundiyang'ana ndi diso lija mulidziwa, ndipo ine thukuta linali kamu-kamu, pakuti mbiri ya kuba siicedwa kufika kwa aphunzitsi.

Ndinalemba "dolt diff". Lamulo limeneli lionetsa kusiyana kwa zimene ziripo tsopano ndi cithunzi cotsiriza: mzere woonjezedwa uli ndi cizindikilo ca +, wocotsedwa uli ndi ca -. Taonani, maina atatu anali ndi -, lace lomwe! Ndinawafafaniza ndekha m'mawa mwace pofuna kucotsa mzere umodzi wolembedwa kawiri. Mwai wace ndinali ndisanacite "commit", cotero "dolt checkout" ndi dzina la tebulo zinabwezera zonse. Dziwani kuti lamulo lomweli limatayanso zabwino zimene simunazisunge. Ine ndinalembanso anthu awiri amene analipira m'mawa umenewo. Colakwa cikakhala kuti casungidwa kale, pamafunika "dolt revert".

Mnyamatayo anatenga mbeu zace, ndipo ndinampepesa pamaso pa onse. Awiri enawo sadziwa kufikira lero kuti maina ao anasowapo.