ZA KAMPHAKA KOFOOKA KAMENE MAKE SAKASAMALA

M'nyumba zambiri za kwathu kuno muli wantchito mmodzi amene salandira malipiro pakutha pa mwezi, ndiye mphaka. Usiku anthu ali m'tulo iye alonda nkhokwe ndi matumba a chimanga, ndipo pakhomo pamene pali mphaka makoswe sachita mwano. Tsono popeza atitumikira chotere, kuyenera kuti ifenso timthandize pa tsiku la vuto lake. Vuto limodzi limene lioneka kawirikawiri ndi ili: mphaka waswa ana anai kapena asanu, onse ali kuyamwa bwino, koma kamodzi kagona pambali pa kokha, kozizira, kolira ndi mau otsika, ndipo make sakayang'ana konse. Ana a m'nyumba ayamba kufunsa kuti, "Amai, tichitenji?" Mwezi uno tifuna kuyankha funso limeneli.

Kodi wakakanadi?

Musafulumire kumweruza make. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mphaka sachoka pa ana ake koma kanthawi kochepa, koma pambuyo pake ayenera kutuluka kukafuna chakudya ndi madzi, ndipo angathe kukhalitsa kunja. Ndiponso mphaka akaona kuti anthu achuluka pa malo ake, kapena agalu ali pafupi, asamutsa ana mmodzi mmodzi, atawaluma pakhosi mosawapweteka. Kamene mwakapeza kokha mwina kangodikira kuti make abwere kudzakatenga. Chifukwa chake yambani mwakakhudza. Ngati kali kofunda, mimba yake iri yodzaza, ndipo kagona duu, kasiyeni, muyang'anire muli patali. Timphaka tokhuta tigona nthawi yambiri, tikumatukula timiyendo m'tulo.

Koma ngati kali kozizira m'manja mwanu, kolobodoka ngati kansanza, kolira kosaleka kapena kolephera ngakhale kulira, ndipo mukakaika pa bere make akakankhira kumbali kapena anyamuka n'kuchoka, pamenepo musadikire mawa. Kamphaka kotere kangathe kufa usiku womwewo.

Anthu ena amati munthu akagwira mwana wa mphaka, make amkana chifukwa cha fungo la munthu. Kwa mphaka wozolowera pakhomo si zoona ai. Sambani m'manja, mukagwire mofatsa, ndipo musaope.

Chifukwa chake nchiyani?

Mphaka akhala ndi bere masiku 63 kufikira 65, ndipo mwana wake abadwa wolemera ngati magalamu 100, wosaona, wosamva, wosatha kudzifunditsa yekha. Thupi la mphaka wamkulu litentha madigiri 38 kapena 39, koma la kamphaka ka sabata yoyamba lingofika 35 kufikira 37, ndipo kutentha kumeneku kakutenga kwa make ndi kwa abale ake pogona mounjikana. Kamene kabadwa kochepa kakankhidwa ndi anzake polimbirana mawere. Kakalephera kuyamwa kafooka, kakafooka kagwera kunja kwa mulu, kakagwera kunja kazizidwa, ndipo kakazizidwa kaleka kuyenda ndi kuyamwa. Make asamala mwana amene ali wofunda ndi wotakataka. Wozizira ndi wosayenda amuyesa wakufa. Si nkhanza ai, koma ndiko kubadwa kwake kwa nyama. Ndipo apa ndi pamene pali chiyembekezo: kamphaka kakafundanso ndi kuyamba kulira mwamphamvu, kawirikawiri make akalandiranso.

Nthawi zina vuto liri mwa make. Mphaka wamkazi angathe kutenga bere asanakwane miyezi 6, akali mwana iye mwini, ndipo wotere sadziwa msanga chochita ndi ana oyamba. Wina ali ndi njala ndipo mkaka wake uli wochepa. Wina mawere ake atupa, alimba, atentha ndipo amuwawa, kotero kuti athawa ana onse. Wina nsengwa yatsalira m'mimba, ndipo aoneka wodwala, wosadya, wotuluka zonunkha. Mphaka wa mawere otupa kapena wotuluka zonunkha afunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Choyamba: kufunditsa

Pano pali lamulo limene liposa onse, ndipo tipempha kuti mulisunge: musamwetse mkaka kamphaka kozizira. Thupi likazizira pansi pa madigiri 34, matumbo aleka kugwira ntchito, mkaka ungokhala m'mimba n'kusasa, kapena ubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo. Anthu ambiri achifundo apha timphaka ndi mkaka pofuna kutipulumutsa.

Njira yabwino yofunditsira ndi thupi la munthu. Kapukuteni ngati kanyowa, mukaike pa chifuwa panu m'kati mwa malaya, khungu ndi khungu, mphuno yake iri poyera, ndipo muzikasisita pang'onopang'ono ndi chala. Kafunde mosafulumira, kwa ora limodzi kapena kupitirira, pakuti kutenthetsa mwadzidzidzi kuopsa monga kuzizira komwe. Musakaviike m'madzi otentha, ndipo musakaike pafupi ndi mbaula kapena pa moto, chifukwa sikatha kuthawa kakayamba kupsa, ndipo utsi wa makala upha m'nyumba yotseka. Pamene muli kukafunditsa, sungunulani shuga pang'ono m'madzi ofunda, mupake dontho limodzi kapena awiri pa usinini wake ndi chala. Shuga ameneyu akapatsa mphamvu yodikira mkaka.

Pambuyo pake konzani pogona. Tengani katoni kapena dengu, muyalemo chitenje chakale chochapa, ndipo mbali imodzi muike botolo la madzi otentha lotsekedwa bwino, lokulungidwa m'nsalu. Mbali ina ikhale yopanda botolo kuti kamphaka kathe kusendera kutali kakamva kutentha. Pa sabata yoyamba m'katonimo muyenera kufunda ngati madigiri 30 kufikira 32. Madzi a m'botolo azizira msanga, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndi ku malo okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mulanje. Tsono muziwasintha ngakhale pakati pa usiku, ndipo katoniyo asakhale pa simenti kapena pa khomo polowera mphepo.

Chachiwiri: mkaka

Mkaka woposa wonse ndi wa make. Mkaka woyamba uja, wokhuthala ndi wachikasu, uli ndi mphamvu yoteteza mwana ku nthenda, ndipo matumbo a kamphaka atha kulandira mphamvuyi pa tsiku loyamba lokha. M'mera mpoyamba. Chifukwa chake kamphaka kakangofunda, yesani kukabwezera pa bere. Chotsani abale ake amphamvu kanthawi, muwaike pofunda, mumgoneke make mofatsa mukumsisita pamutu, mufinye dontho la mkaka pa nsonga ya bere, ndipo muike pakamwa pa kofookako pamenepo. Chitani chotere kangapo pa tsiku. Ngati pa mudzi pali mphaka wina woyamwitsa ana a msinkhu womwewo, kawirikawiri alandira mlendo mukampukuta ndi nsalu imene ana ake agonera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amphaka nawonso adziwa mwambo umenewu.

Zikakanika zonsezi, muyenera kukamwetsa nokha. Kuli mkaka wa ufa wopangidwira timphaka, ndipo muufunse kwa madokotala a ziweto. Mkaka wa ng'ombe pa wokha sukwanira ai: uli wochepa mphamvu poyerekeza ndi wa mphaka, ndipo utsekula m'mimba, chimene chipha kamphaka msanga. Mkaka wa makanda a anthu nawonso suli woyenera. Phala, tiyi ndi madzi a mpunga musayese konse. Ngati muli kutali ndi mzinda, pa masiku ochepa oyembekezera mungathe kuwiritsa kapu imodzi ya mkaka wa mbuzi, muusiye uzizire, musakanizemo mbali yachikasu ya dzira limodzi, yoyerayo muisiye. Wotsala musausunge pa malo otentha kufikira mawa.

Mkakawo ukhale wofunda ngati thupi. Yesani dontho pa dzanja lanu. Pomwetsera tengani sirinji yaing'ono yopanda singano, yotsukidwa ndi madzi owira. Kamphaka kagone chafufumimba, mutu utatukuka pang'ono, monga kagonera pa bere la make. Musakagoneke chagada ngati khanda la munthu, pakuti mkaka ulowa m'mapapo. Donthezani pa lilime dontho limodzi limodzi, mukudikira kuti kameze. Mimba ya kamphaka ka magalamu 100 ilandira mamililita 4 okha, ndiko kuti osadzaza supuni ya tiyi, ndipo kofooka kayambe ndi theka lake. Mwetsani pakapita maora awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, pa masabata awiri oyamba. Ntchitoyi iri yotopetsa, ndipo banja lichita bwino kugawana: ana a sukulu madzulo, akuluakulu usiku. Mkaka ukamatuluka m'mphuno nthawi zonse ngakhale mumwetsa mosamala, yang'anani kumwamba kwa m'kamwa, pakuti timphaka tina tibadwa tong'ambika pamenepo, ndipo totere tifunika dokotala.

Chachitatu: ntchito ya lilime la make

Ambiri sadziwa kuti kamphaka kosakwana masabata atatu sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pa kokha. Make ndiye akathandiza pokanyambita pa mimba ndi pansi pa mchira. Ngati make sachita, muchite ndinu. Mukatha kumwetsa, nyowetsani thonje kapena kansalu kofewa m'madzi ofunda, musisite pansi pa mchira mofatsa kufikira mkodzo utuluke, ndipo mupukute paume. Mkodzo wabwino uli woyera ngati madzi kapena wachikasu pang'ono. Ukakhala wachikasu kwambiri, thupi lasowa madzi. Mchombo musaukoke, uuma ndi kugwa wokha pakapita masiku ngati atatu. Koma pamchombo pakatupa, pakafiira kapena kutuluka mafinya, ndiye kuti nthenda yalowa.

Musaiwale make

Mphaka woyamwitsa adya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Mkute wa nsima wokha sungapange mkaka, pakuti mphaka ndi nyama yodya nyama. Mpatseni usipa kapena matemba ophika opanda mchere wambiri, dzira lophika, zotsala za nyama, ndi madzi abwino pafupi ndi ana ake kuti asapite kutali. Malo ake akhale a mdima pang'ono ndi a bata. Uzani ana kuti asamanyamule timphaka kukaonetsa anzao, ndipo galu asalowe m'chipindamo.

Mudziwa bwanji kuti kali kuchira?

Maso anyenga, koma sikelo sinama. Ngati muli ndi sikelo yaing'ono ya m'khitchini, pimani kamphaka tsiku ndi tsiku pa nthawi yomweyo, ndipo mwana mmodzi alembe m'kope. Kamphaka kabwino kaonjezera magalamu 10 kufikira 15 pa tsiku, kotero kuti pakutha pa masiku 7 kapena 10 kalemera kawiri kuposa pobadwa. Kakaima masiku awiri osaonjezera, kapena kakatsika, pali vuto ngakhale kaoneke bwino. Maso atseguka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndipo musawatsegule ndi zala. Pa masabata atatu kayamba kuyenda mopepesuka. Pa masabata anai kayamba kulawa chakudya chofewa m'mbale. Pa masabata 8 katha kuleka kuyamwa ndi kupita ku nyumba ina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Zinthu zopha

Utitiri uyamwa magazi a kamphaka kufikira usinini uyera mbuu, ndipo kafa ndi kuchepa magazi. Uchotseni ndi chipeso cha mano othinana kapena ndi zala, ndipo muzisintha zogonera. Koma musathire mankhwala ophera tizilombo m'munda, m'chimanga kapena m'nyumba, ngakhale dipi wa ng'ombe, ngakhale mankhwala a utitiri a agalu, pakuti ambiri ali ndi permethrin amene ali ululu kwa mphaka. Ndiponso musampatse mphaka mankhwala a anthu. Mbulu umodzi wa Panado ungathe kupha mphaka wamkulu.

Safunsa anadya phula. Kamphaka kakakana kumeza ngakhale kafunda, kakapuma movutika, kakatsekula m'mimba, kapena mimba ikatupa n'kulimba, pitani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena kwa dokotala. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA ndipo ku Blantyre kuli la BSPCA, amene asamala agalu ndi amphaka. Komweko mufunse za kumtseka make kuti asaswe chaka ndi chaka, pakuti angathe kutenganso bere ana akali kuyamwa, ndi za katemera wa chiwewe amene timphaka tilandira pa miyezi itatu. Katemerayu ateteza ana anu omwe, amene asewera ndi mphaka tsiku lonse.

Tinene zoona: si timphaka tonse tofooka timene tichira. Tina tibadwa ndi chilema cha m'kati chimene make achizindikira ife tisanachione, ndipo tifa ngakhale banja lachezera usiku wonse. Zikatero, makolo musawaseke ana akamalira, ndipo musanene kuti, "Kanali kamphaka chabe." Auzeni kuti achita zonse zimene zikadatheka, ndi kuti kafa kali kofunda. Mwana amene waphunzira kudzuka usiku chifukwa cha kanthu kochepa kotere sadzasiya mng'ono wake kapena agogo ake osawasamala.

Tsono sungani dongosolo ili, ndipo muuzeko anansi anu: kufunditsa poyamba, mkaka pambuyo, ndipo nthawi zonse kuyesa kubwezera mwana kwa make.