Ana amene ansembe anawagwiririra: nkhondo yaitali ya chipukuta misozi

Pa 16 Okutobala 2024, Akidayosizi ya Katolika ya Los Angeles ku America inavomera kupereka madola 880 miliyoni kwa anthu 1,353 amene anasuma kuti ansembe ndi ena ogwira ntchito mu mpingo anawagwiririra kapena kuwachita zadama ali ana. Panthawiyo panalibe dayosizi ina imene inalipirapo ndalama zochuluka chotere pa pangano limodzi. Akiepiskopi José Gomez anapepesa poyera. Tikaphatikiza ndi zimene akidayosiziyi inapereka m'mbuyomu, ndalama zonse zadutsa madola 1.5 biliyoni.

Munthu akamva ziwerengero zotere amaganiza kuti ozunzidwa aja alemera. Koma ambiri mwa iwo lero ndi anthu a imvi, amene akhala zaka makumi angapo akusenza chinsinsi chimene chinawaphera maphunziro, mabanja ndi chikhulupiriro. Ndipo wotsatira bwino milanduyi amaona chinthu chowawa: ndalama zimene munthu amalandira sizitsata kwenikweni kukula kwa bala lake. Zimatsata lamulo la dera limene akukhala, chaka chimene walimba mtima kulankhula, ndi luso la mpingo potchinjiriza chuma chake.

Ndalama zotsekera pakamwa

Kwa zaka zambiri madayosizi ankalipira ndithu, koma mwamseri. Makolo akadandaula, maloya a mpingo ankabwera ndi cheke pamodzi ndi pepala loti asayine kuti sadzaulula nkhaniyo. Wansembe uja ankangomusamutsira ku parishi ina, kumene akhristu ankamulandira ndi manja awiri osadziwa kanthu.

Khalidweli linaululika mu Januwale 2002 pamene nyuzipepala ya Boston Globe inafukula nkhani ya wansembe John Geoghan, amene anthu oposa 130 anamuloza chala, ndipo akuluakulu ake ankamusuntha uku ndi uku madandaulo ali m'manja mwawo. Kadinala Bernard Law wa ku Boston anatula pansi udindo mu Disembala chaka chomwecho. Mu Sepitembala 2003 Akidayosizi ya Boston inavomera kupereka madola 85 miliyoni kwa anthu oposa 550. Aliyense ankaonekera pamaso pa mkhalapakati n'kufotokoza zimene zinamuchitikira, ndipo ankapatsidwa pakati pa madola 80,000 ndi 300,000.

Khomo limene limatsekeka msanga

Makolo athu amati mlandu suwola, koma m'makhoti ambiri mlandu wofuna chipukuta misozi uli ndi malire a nthawi. Ukachedwa kusuma, jaji samva n'komwe umboni wako. Lamuloli linapangidwa ndi cholinga chabwino, choti milandu izizengedwa mboni zikanali moyo ndi kukumbukira. Kwa mwana wogwiriridwa ndi munthu amene banja lonse limamugwadira, lamuloli ndi nkhanza yachiwiri. Mwana wa zaka 11 wotumikira pa guwa angauze ndani kuti bambo mfumu amuchita chipongwe? Ambiri amayamba kulankhula atakula, mwina makolo atamwalira kapena mwana wawo atafika msinkhu umene iwo anazunzidwira. Komiti yaikulu imene boma la Australia linakhazikitsa kuti ifufuze nkhanzazi, imene inagwira ntchito kuyambira 2013 mpaka 2017, inapeza kuti mwa anthu 4,444 amene anadandaula ku mabungwe a Katolika, pankadutsa zaka pafupifupi 33 kuti munthu afike podandaula.

Apa ndi pamene California inasiyana ndi madera ena. Mu 2003 aphungu a derali anatsekula khomo kwa chaka chimodzi kuti aliyense asume, ngakhale mlandu utakhala wakalekale. Zotsatira zake zinali pangano la mu Julayi 2007, pamene Los Angeles inavomera kupereka madola 660 miliyoni kwa anthu 508, mlandu utatsala pang'ono kuyamba m'khoti mmene Kadinala Roger Mahony, mtsogoleri wa akidayosiziyo panthawiyo, akanayenera kuyankha mafunso atalumbira. Lamulo lina, lotchedwa AB 218, linatsekulanso khomoli kuyambira 2020 mpaka kumapeto kwa 2022, ndipo linakweza msinkhu womalizira kusuma kuchoka pa zaka 26 kufika pa 40. Pangano la 2024 linabadwa kuchokera pamenepo. New York inachita chimodzimodzi mu 2019. M'madera amene aphungu anakana kusintha lamulo, munthu wozunzidwa mofanana ndendende amangolandira zimene dayosizi yafuna kupereka mwa iyo yokha, kapena osalandira kanthu.

Mmene amagawira

Pangano likatheka, ntchito yowawa imayamba. Nthawi zambiri amasankha munthu woima payekha, monga jaji wopuma pa ntchito, kuti awerenge nkhani ya aliyense. Wozunzidwa amadzaza fomu ya masamba ambiri. Amafunsidwa kuti anali ndi zaka zingati, zinachitika kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, ankamugwira pati, ndipo moyo wake unasokonekera motani. Analowerera m'mowa? Banja linatha? Anayesapo kudzipha? Yankho lililonse limapatsidwa mapointi, ndipo mapointiwo ndi amene amasanduka madola. Bambo wa zaka 60 amayenera kulemba ndi dzanja lake zinthu zimene sanauzepo ngakhale mkazi wake, kuti mlendo aziike pa sikelo.

Ndalamazo sizifika zonse m'thumba mwake. Ku America maloya a milandu yotere salipiritsa poyamba, koma akapambana amatenga gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso mpaka 40 peresenti. Popanda dongosololi osauka sakanatha kusumira bungwe lolemera chotere, komabe gawo lotuluka ndi lalikulu.

Nanga mpingo umazitenga kuti? Pa madola 660 miliyoni a 2007, akidayosizi inatulutsa 250 miliyoni, makampani a inshuwalansi 227 miliyoni, ndipo zotsalazo zinachokera ku zipani za ansembe ndi kwina. Los Angeles inagulitsa ngakhale nyumba ya likulu lake pa msewu wa Wilshire Boulevard. Madayosizi ena agulitsa malo, masukulu ndi matchalitchi, ndipo ululu wake umagwera akhristu wamba amene sanalakwe kanthu. Mkwiyo wawo ndi womveka, koma uyenera kulunjika kwa abusa amene anabisa mimbulu m'khola, osati kwa ana amene analumidwa.

Kuthawira ku khoti la angongole

Mu Julayi 2004 Akidayosizi ya Portland ku Oregon inakhala yoyamba kukalengeza kukhoti kuti singathe kubweza ngongole zake. Kuyambira pamenepo madayosizi oposa makumi atatu atsatira njira yomweyo. Akangolengeza, milandu yonse imaima, ozunzidwa amasanduka anthu oyembekeza kulipidwa ngongole oima pa mzere umodzi, ndipo nthawi zambiri milanduyo sifika n'komwe pozengedwa. Akidayosizi ya Baltimore inalengeza kumapeto kwa Sepitembala 2023, kutatsala masiku awiri kuti lamulo latsopano la Maryland lochotsa malire a nthawi liyambe kugwira ntchito. Dayosizi ya Rockville Centre ku New York inalowa m'khotili mu 2020, ndipo panadutsa zaka zinayi kuti pangano la madola 323 miliyoni livomerezedwe. Ena mwa osuma m'milandu yotere amamwalira akudikira.

Maepiskopi amati njirayi imathandiza kuti ozunzidwa onse agawane mwachilungamo, m'malo moti oyamba kusuma amalize zonse. Mfundoyi ili ndi mutu, koma zimene zinachitika ku Milwaukee zimachititsa anthu kukayika. Mu 2007 Akiepiskopi Timothy Dolan anapempha chilolezo ku Vatican kuti asamutsire madola pafupifupi 57 miliyoni ku thumba lapadera losamalira manda. Kalata yake, imene inatuluka poyera mu 2013, inatchula kuti kutero kudzateteza ndalamazo ku milandu. Dolan anakana kuti ankabisa chuma, nati ndalamazo zinali za manda kuyambira kale. Akidayosiziyi inalengeza kugwa pa chuma mu 2011, ndipo mu 2015 inagwirizana zopereka madola 21 miliyoni okha kwa anthu pafupifupi 330 mwa oposa 570 amene anadandaula. Ku Los Angeles mu 2007 munthu mmodzi ankayembekezera madola pafupifupi 1.3 miliyoni. Ku Milwaukee sanafike ngakhale pa 70,000.

Ku Australia chopinga chinali china. Mu 2007 khoti la apilo ku New South Wales linagamula pa mlandu wa John Ellis, amene anazunzidwa ali mnyamata wotumikira pa guwa, kuti Mpingo wa Katolika pawokha si bungwe loti munthu angalisumire, ndipo matrasti osunga chuma chake sangayankhe mlandu wa wansembe. Panafunika malamulo atsopano kuti chotchinga chimenechi chigwe. Mu Julayi 2018 boma linayambitsa dongosolo lolipira ozunzidwa popanda kupita kukhoti, koma linaika malire a madola a Australia 150,000, pamene komiti yofufuza ija inapempha 200,000.

Zimene ndalama sizigula

Ozunzidwa a ku Los Angeles anaumirira chinthu china mu pangano la 2007: kuti mafayilo achinsinsi a ansembe atuluke. Maloya a mpingo anakokakoka nkhaniyi zaka zoposa zisanu. Mu Januwale 2013 masamba pafupifupi 12,000 anatuluka, ndipo anaonetsa momwe Mahony ndi omuthandiza ankakambirana njira zoti ansembe olakwa asafikiridwe ndi apolisi. Gomez analengeza kuti Mahony sadzagwiranso ntchito za utsogoleri mu akidayosiziyo. Popanda milandu ya chipukuta misozi, mapepala amenewa akanakhala m'makabati mpaka lero.

N'chifukwa chake kunena kuti osumawa akungofuna ndalama ndi kuwalakwira kachiwiri. Ndalamazo ndi ngongole yeniyeni, yolipirira uphungu wa zaka zambiri, mankhwala, ndi ntchito zimene anataya. Mpingo uliwonse, wa Katolika kapena wina, umene ukufuna kuti anthu akhulupirire kulapa kwake, uli ndi zoti uchite zooneka ndi maso: usabisale kumbuyo kwa malire a nthawi, usasayinitse munthu kuti atseke pakamwa, utulutse mafayilo, ndipo ukamva dandaulo la mwana uthamangire kupolisi usanaitane loya wake. Aphungu nawo ali ndi mbali yawo, chifukwa ku California ndi ku New York chilungamo chinayamba kuyenda tsiku limene iwo anasintha lamulo.