Ola lija la ku lab: amene apima magazi anu anaphunzira kuti?

Munakhalapo pa benchi ku chipatala, m'bale wanu ali gone afunika magazi, ba sista n'kukuuzani ati "yembekezani, tikali kuchita crossmatch"? Mtima umawawa. Paketi ili mu firiji, nanga achedwa chani? Ena amayamba na kunong'ona kuti ba ku lab afuna nchekelako. Iyayi imwe, ola lija ndiye lisunga moyo.

Magazi onse ni ofiira, koma si amodzi. Mu 1901 Karl Landsteiner ku Vienna anaonetsa kuti magazi a anthu ali m'magulu, aja titchula kuti A, B na O. Gulu la AB linapezeka chaka chotsatira, ndipo Rh, ija imakupangani "positive" kapena "negative", inadziwika mu 1940. Ngati ndinu wa gulu A, m'thupi mwanu muli asilikali odana na B. Akakuikani magazi a B, asilikali aja amawaukira n'kuwaphwanya. Munthu amayamba kunjenjemera, thupi kutentha, msana kuwawa, mkodzo kuda, impso n'kuleka ntchito. Ena amafa.

Ndiye chifukwa chake kudziwa gulu chabe sikukwana. Wa ku lab amatenga madzi a m'magazi a wodwala, kusakaniza na magazi a mu paketi, kuziika pa kutentha kwa 37, monga mwa thupi, n'kuona ngati zigwirana timibulu. Zikagwirana, paketi ija ibwerera mu firiji. Reuben Ottenberg ndiye anayamba kupima motere asanaike munthu magazi, ku New York mu 1907, ndipo mu 1945 Robin Coombs na anzake ku England anabweretsa njira yogwira asilikali obisala amene saoneka msanga.

Manje vuto linali apa. Nzeru zonsezi zinali m'mizinda ikuluikulu, pamene mayi wotaya magazi pobereka ali ku chipatala cha kumudzi kumene wa ku lab ni mmodzi yekha. Mukamutuma ku kosi miyezi itatu, adzapima ndani? Mukamusiya, apitiriza na zimene anaphunzira kalekale.

Mu 1993, nthawi imene HIV inachititsa dziko lonse kuopa magazi, bungwe la WHO linatulutsa mabuku ophunzirira patali otchedwa Safe Blood and Blood Products. Buku lina linali la kasankhidwe ka opereka magazi, lina la kupima HIV na matenda ena, ndipo lina, Blood Group Serology, linali la nkhani yathu ino ya magulu na crossmatch. Intaneti kunalibe kwa ambiri. Munthu anali kuwerenga ali pa ntchito yake, kuyankha mafunso, kuyesa pa tebulo la mu lab mwake momwemo, mphunzitsi n'kumamuona mwa apo na apo. Pambuyo pake WHO inatulutsanso The Clinical Use of Blood, lolembera madokotala na manasi, chifukwa kulakwa sikuchitika ku lab kokha. Dzina lolakwika pa botolo, kapena paketi yopachikidwa pa bedi la munthu wina, zimapha chimodzimodzi.

Masiku ano buku lija lalowa mu foni. Dokotala wa ku boma lakutali angathe kumvera katswiri pa Zoom atatsiriza raundi, ngati netiweki na malaiti zalola. Ine ndiona kuti ni zabwino maningi, koma tisanamizane: diso lozindikira timibulu tating'ono mu chubu silibwera na vidiyo. Lifuna manja, monga aphunzirira ana a sukulu ku Evelyn Hone, na wamkulu woima pambali.

Kwa imwe, gulu lanu mulidziwa? Mukapereka magazi ku Zambia National Blood Transfusion Service amapima gulu, ndiye funsani, mulembe penapake. Pa 14 June, tsiku lobadwa la Landsteiner, ndiye tsiku la opereka magazi dziko lonse, koma simufunika kuyembekeza June. Ndipo imwe ba mayi oyembekezera, ngati ku antenatal akuuzani kuti ndinu Rh negative, funsani za nyeleti ya anti-D, ndaba ndiyo iteteza mwana wa mimba yotsatira.