Mukulota Masters ya zachuma? Musathawe masamu

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse pa Facebook tinasanduka akatswiri a zachuma. Koma ntchito yeniyeni yowerengetsa momwe mitengo ikukwerera imagwiridwa ku National Statistical Office ku Zomba ndi ku Reserve Bank. Ngati mumalakalaka kudzafika kumeneko muli ndi digiri yachiwiri, ija amati Masters, funso likubwera msanga: digiri yoyamba ikhale ya chiyani?

Yankho langa ndi lakuti dzina la digiri lisakudetseni nkhawa kwambiri. Chofunika ndi masamu omwe muphunzire m'zaka 4 zimenezo.

Ine ndinaphunzira zofalitsa nkhani, ndipo ndikamatsegula malipoti a akatswiriwa, chomwe chimandilonjera ndi manambala. Pa Masters, microeconomics ndi macroeconomics zimaphunzitsidwa ndi calculus komanso linear algebra. Econometrics, luso loyesa mfundo za chuma pogwiritsa ntchito ziwerengero, imatsamira pa statistics. Wofooka pa izi amathera chaka choyamba akuthamangira anzake. Kumbukirani kuti John Nash, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1994, anali katswiri wa masamu.

Njira zilipo zingapo. Ku Unima ku Zomba mutha kuphunzira Economics. Ku Luanar, ku Bunda, kuli Agricultural Economics, yothandiza zedi m'dziko lomwe fodya ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri. Digiri ya Mathematics kapena Statistics nayo ndi khomo labwino, bola muwonjezere makosi a zachuma. Accounting ndi Business Administration zili ndi msika wake, koma musanalembe fomu onani kaye kuti muli masamu ochuluka bwanji.

Chitani izi lero pa foni yanuyo: tsegulani tsamba la yunivesite yomwe mukufuna kudzachitako Masters, werengani zomwe amafuna, kenako muyerekeze ndi mndandanda wa makosi a digiri yomwe mukusankha. Onaninso za African Economic Research Consortium ya ku Nairobi, yomwe imagwira ntchito ndi mayunivesite a mu Africa pa Masters ndi PhD.

Ngati munasankhidwa kale kosi ina, musataye mtima. Khan Academy ndi MIT OpenCourseWare amaphunzitsa calculus mwaulere, ndipo pulogalamu ya R yosanthulira ziwerengero salipiritsa. Chanu n'kugula bandulo basi. Inu a Fomu 4, yambirani pa masamu a MSCE omwewo.