Kutsukuluza Timatumba ta Mazira Pothandiza Osabereka

Achemwali anga anakhala pabanja zaka 9 opanda mphatso ya mwana. Achibale a alamu atayamba kuwanena kuti ndi chumba, awiriwo anasonkhanitsa ndalama napita ku chipatala china ku Johannesburg kukayesa njira ya IVF. Panjirayi madokotala amatenga dzira la mayi, kuliphatikiza ndi umuna mu labotale, kenako n'kuika kamluzako m'chiberekero. Mwana woyamba kubadwa motere ndi Louise Brown, yemwe anabadwira ku Oldham, ku England, mu 1978.

Tsiku lina achemwali anandiimbira foni nati, "Iwe wasukulu, adokotala akuti andiwona ndi timatumba titatu tokha, ndiye adzatitsukuluza. Zimenezi n'chiyani?" M'nkhani ino ndifotokoza zomwe ndinapeza.

Poyamba, tidziwe kuti dzira lililonse limakhwimira m'kathumba ka madzi. Mayi amabayidwa majakisoni kuti timatumba tambiri tikule nthawi imodzi. Pakatha maola pafupifupi 36 chilandirireni jakisoni womaliza, dokotala amalowetsa singano yaitali kudzera m'njira yoberekera, akuyang'ana pa makina ounikira m'mimba. Singanoyo imaboola kathumba ndi kuyamwa madzi ake, ndipo wa mu labotale amafufuza dzira m'madzimo. Nthawi zina dziralo limatsalira, litamamatira m'mbali mwa kathumba.

Apa ndi pamene pamabwera kutsukuluza. Dokotala amathira madzi apadera, ofunda ngati thupi la munthu, m'kathumba kaja ndi kuwayamwanso, mwina kangapo. Kawirikawiri amagwiritsa ntchito singano ya mipita iwiri, wina wolowetsa madzi, wina wotulutsa. Zili ngati mmene timathirira madzi m'botolo la thobwa n'kukhutchumula kuti masese atuluke.

Nzeru imeneyi imamveka yabwino, koma kafukufuku sanaiikire kumbuyo kwenikweni. Mu 2018 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula pamodzi zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linapeza kuti chiwerengero cha amayi obereka ana amoyo sichisiyana kwenikweni, atsukuluzidwe kapena ayi. Linapezanso kuti kutsukuluza kumatalikitsa ntchito yotenga mazira, choncho mayi amakhalitsa pabedi la opaleshoni. N'chifukwa chake madokotala ambiri sachita izi kwa mayi amene ali ndi timatumba tambiri. Ena amatsukuluzabe kwa mayi wa timatumba tochepa, poti kwa iye dzira limodzi likatsalira, mwayi wake umachepa kwambiri.

Pomaliza, ndinawauza achemwali kuti asaope, komanso asaike mtima wonse pa kutsukuluzako, pakuti sikupanga dzira pamene palibe. Ndinawalimbikitsa kufunsa adokotala mafunso atatu: chifukwa chiyani asankha njirayi kwa iwo, idzatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi ikweza mtengo. Munthu amene wapirira mnyozo zaka 9 ndi kuwononga ndalama zambiri chonchi ayenera kumva bwino chomwe chichitike m'thupi mwake asanavomere.