Anthu a pa Kalomwe awerengedwe kuti?

Wofuna kudziwa chiwerengero cha anthu a pa Kalomwe, ku Mozambique pamalire ndi Malawi, ayambe wanena nthawi yake. Masana pamadzaza ogula mbatata ya kachewere, oyendetsa malole, osintha metikali ndi kwacha, ndi amayi a ku Dedza amene abwera kudzazonda wodwala kwa achimwene awo. Kukada ena abwerera ku Malawi, ena alowera ku Ulongwe. Kalembera salabadira za masana. Iye amafunsa nyumba imene munthu amagona, basi.

Ku America kuli tauni ina ya pamalire yotchedwa Nogales, m'chigawo cha Arizona. Kalembera wa 2020 anapezako anthu osakwana 20,000, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse ndi a gulu limene boma limatcha Hispanic, kutanthauza anthu amene makolo awo anachokera ku maiko oyankhula Chisipanishi. Kuseri kwa mpanda wachitsulo kuli Nogales wina, wa ku Mexico, wokhala ndi anthu oposa 200,000. Kale dera lonselo linali la Mexico, mpaka America itagula chigawocho pa pangano la 1853. Choncho mabanja ena kumeneko sanasamuke ayi, malire ndiwo anawapeza ali pakhomo.

Izi sizachilendo kwa munthu wa ku Angónia, dera la ku Mozambique kumene kuli Kalomwe. Angerezi ndi Apwitikizi atagwirizana za malire mu 1891, anadula dziko la Achewa ndi Angoni a Maseko osafunsa aliyense. Phiri la Domwe, kumene kunali likulu la Angoniwo, linagwera kwa Apwitikizi, pamene mpando wa mfumu yawo, Inkosi Gomani, lero uli ku Ntcheu.

Kusiyana kuli pa funso limene boma limafunsa. Aamerika amaunjika m'dengu limodzi munthu wa ku Mexico, wa ku Cuba ndi wa ku Puerto Rico, onse n'kukhala Hispanic. Ku Malawi, kalembera wa 2018 anafunsa mtundu: ndinu Mchewa, Mngoni, Myao kapena Mlomwe? Ku Mozambique, wa 2017 anafunsa chiyankhulo chimene munthu anayamba kuyankhula ali mwana. Tsono taonani zotsatira zake. Mngoni wa ku Angónia, amene Chingoni chake chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mfunda, amalembedwa kuti ndi woyankhula Chinyanja. Msuweni wake wa ku Dedza, woyankhula chimodzimodzi, amalembedwa kuti Mngoni. Magazi amodzi, mabuku awiri osiyana. Kwa ine funso la chiyankhulo ndi lothandiza kwambiri, chifukwa limauza boma chimene mwana adzamva akalowa m'kalasi mmene aphunzitsi akuyankhula Chipwitikizi.

Palinso nkhondo. Frelimo ndi Renamo atalimbana, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia sanafikire m'misasa, anangokamanga m'midzi ya abale awo ku Dedza ndi Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera, ena ali ndi ana obadwira ku Malawi, ena atasiya ana aakazi okwatiwa komweko. Ana aja lero ndi akuluakulu a zaka zoposa 30, ndipo kuwafunsa kuti kwanu n'kuti, ayamba akufunsani kuti mukunena kwa amayi kapena kwa abambo.

Ku Nogales pali mpanda wautali, makamera ndi apolisi, kotero wowoloka pachipata amadziwika. Kuno chipata chilipo, cha magalimoto ndi mapasipoti, koma tinjira ta m'minda n'tosawerengeka, ndipo pa Lizulu msewu wa M1 weniweniwo ndiwo malire. Chipatala ndi sukulu zimalandira mankhwala ndi mabuku molingana ndi anthu olembedwa m'kaundula wa dziko lawo, pamene namwino wa pamalire amabaya katemera mwana aliyense amene wafika kumbuyo kwa mayi wake.