Mmene magetsi amaswera mankhwala kukhala timadontho

Mpope wobereka kumsana umaswa madzi powakankha mwamphamvu pa kabowo kakang'ono. Timadontho timatuluka tosiyana misinkhu: tikulutikulu timagubuduka pa tsamba n'kugwera pansi, tating'ono kwambiri timapita ndi mphepo. Mankhwala amene agwa pansi kapena auluka mlimi wawalipira, koma tizilombo sanatikhudze. Apa ndi pamene ogulitsa mipope ya magetsi amaikapo lonjezo lawo, ndipo ndi bwino tidziwe chomwe chimachitika kukamwa kwa mpope tisanaiike m'masitolo athu.

Madzi ali ndi kakhungu kamene kamawakoka kuti abulungire, monga mame pa tsamba. Tikawapatsa magetsi amphamvu, magetsiwo amasonkhana pa kakhunguko, ndipo poti ndi a mtundu umodzi amakankhana okhaokha. Kakhungu kakukokera mkati, magetsi akukankhira kunja. Mu 1882 Lord Rayleigh anawerengera malire a magetsi amene dontho lingasenze lisanasweke. Mu 1964 Geoffrey Taylor anafotokoza zomwe zimachitika malirewo akayandikira: madzi amasongoka ngati denga la nkhokwe, mbali zake zitapendekeka madigiri 49.3 kuchokera pa mzere wapakati. Kunsonga kumatuluka kaulusi kopyapyala, ndipo kaulusiko kamaduka kukhala timadontho pafupifupi tofanana. Tikawonjezera magetsi timachepa. Tikawonjezera madzi otuluka timakula. Tili m'mwamba sitiphatikana, chifukwa timakankhana, ndipo mbewu, yomwe mizu yake ili m'nthaka, imatikoka mpaka tina timakhota n'kumata kunsi kwa tsamba, kumene nsabwe za m'masamba zimabisala.

Alimi a thonje a m'zaka za m'ma 1980 anauona umisiri umenewu mu mpope wa Electrodyn wa kampani ya ICI. Unkagwiritsa ntchito mabatire a tochi kupanga mavoti pafupifupi 25,000, ndipo lita imodzi, kapena yosakwana, inkakwanira hekitala popanda kutunga madzi. Amene anasenzapo zidebe zodzazira mpope wa kumsana adziwa kukula kwa nkhaniyi. Koma mankhwala ake ankayenera kusungunulidwa m'mafuta apadera, pakuti madzi wamba amadutsitsa magetsi msanga ndipo sasweka bwino mwa njirayi. Mankhwala otheka kukonzedwa chotero anali ochepa, ndipo mpopewo unachoka pamsika.

Mipope yambiri ya masiku ano yotchedwa ya magetsi ndi yosiyana ndi umenewo. Mphepo kapena kukankha ndiko kumaswa madzi, magetsi amangowonjezeredwa pa timadontho pamene tikubadwa. Wogula ayenera kuuzidwa zimenezi.

Kwa ife olima mbewu, vuto lagona pa kukokedwa komweko. Dontho la magetsi limamata pa tsamba loyamba kukumana nalo, makamaka kunsonga ndi m'mphepete. Pa thonje kapena khobwe wamng'ono zimenezi ndi zabwino. M'munda wa soya wotsekana, masamba apamwamba amalanda gawo lalikulu, apansi n'kutsala, pokhapokha pakhale mphepo yokankhira mankhwala mkati. Pa chimanga cha mbewu ndiye sitiyembekezerapo zambiri: ntchemberezandonda imakhala pansi pa mtima wa chimanga, ndipo timadontho timamata kukamwa kwa mtimawo tisanafike pamene pali mbozi. Pamenepo ife timasankhabe mpope wamba, n'kulunjikitsa kamwa yake mu mtima wa phesi lililonse.